Wotchi, kabuku koyera ndi dzina la mkazi wa msodzi

Kalata yondiitana ku utumiki inafika mu Juni 2018, ndipo ndinaitsegula manja akunjenjemera pamaso pa amayi ndi achemwali anga, amene anali atayamba kale kulimbirana polosera dziko limene ndidzapite. Aliyense amene anakulira mu Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amangoutchula kuti wa Amormoni, amadziwa kuti mnyamata sasankha yekha kokatumikira. Amalemba mapepala, amakaonana ndi dokotala, amafunsidwa mafunso ndi atsogoleri ake, kenako mapepalawo amapita ku likulu la mpingo ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah ku America, ndipo iye amangotsala n'kudikira. Kalata yanga inasainidwa ndi Pulezidenti Russell M. Nelson, amene anali atangoyamba kutsogolera mpingo mu Januwale chaka chomwecho, ndipo inanena kuti ndikatumikire miyezi 24 ku mishoni ya Cape Coast m'dziko la Ghana. Ndinali ndi zaka 19, ndipo anzanga ena ankandiona ngati ndachedwa, popeza kuyambira mu Okutobala 2012 anyamata ankaloledwa kupita akangokwanitsa zaka 18.

Masabata atatu oyamba ndinakhala ku sukulu yophunzitsira amishonale ku Accra, pafupi ndi kachisi amene anapatulidwa mu 2004. Kumeneko ndi kumene anandipachika pachifuwa baji yakuda yolembedwa dzina la mpingo ndi dzina la makolo anga, patsogolo pake pali mawu oti Elder, kutanthauza mkulu, ngakhale kuti ndevu zanga zinali zisanayambe n'komwe kufuna lezala tsiku ndi tsiku. Dzina langa loyamba linasowa tsiku lomwelo, ndipo kwa zaka ziwiri palibe amene anandiitana nalo. Anatipatsanso kabuku kakang'ono ka chikuto choyera, kokwana m'thumba la malaya, ndipo m'kabukumo munali moyo wathu wonse: kudzuka 6:30 m'mawa, kuwerenga malemba wekha kenako ndi mnzako, kutuluka kukaphunzitsa, kubwerera kunyumba pa nthawi yoikika, ndi kugona 10:30 usiku. Kusambira kunali koletsedwa, chimodzimodzinso wailesi yakanema, manyuzipepala ndi zibwenzi. Mnzako wotumikira naye anayenera kukhala poti ukumuona ndi kumumva nthawi zonse, kupatula pamene mmodzi wa inu walowa kubafa kapena kuchimbudzi. Kunyumba tinkalemba kalata ya pa intaneti kamodzi pa sabata, tsiku Lolemba, koma kuimba foni kunali kawiri kokha pa chaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku lokumbukira amayi.

Anthu akamva zimenezi amandimvera chisoni, koma ndiyenera kunena zoona kuti malamulowo ndinawakonda, ndipo mwina ndinawakonda mopitirira muyeso. Chifukwa chake ndachimvetsa bwino tsopano. Ndinafika m'dziko limene chilichonse chinali chachilendo: kutentha kwa m'mphepete mwa nyanja yamchere kumene kumanyowetsa malaya usanayende mtunda uliwonse, chiyankhulo cha Chifante chimene ndinkangotolamo liwu limodzi kapena awiri, maminibasi otchedwa trotro, ndalama za cedi zimene ndinkawerenga kawiri ndisanapereke, ndiponso fufu, chakudya chosinja mumtondo kuchokera ku chinangwa ndi nthochi zophika, chimene eni ake amameza osatafuna ndipo amakuseka akakuona ukutafuna. M'kati mwa zachilendo zonsezi, kabuku koyera ndi kokhako kamene sikankandidabwitsa. Ndikadzuka 6:30 ndinkadziwa kuti chinthu chimodzi ndachichita bwino, ngakhale tsiku lonselo likanatha popanda munthu wotitsegulira chitseko. Amishonale ankakonda kukumbutsana kuti kumvera kumabweretsa madalitso koma kumvera kosaphonya kalikonse kumabweretsa zozizwitsa, ndipo ine ndinawatenga mawuwo ngati mgwirizano wa malonda, wakuti ine ndipereka mphindi zanga zonse mosaphonya, Mulungu apereka anthu obatizidwa.

Mu Januwale 2019, nthawi ya mphepo youma ya harmattan imene imachokera ku chipululu cha Sahara n'kuchititsa kumwamba konse mbuu ndi fumbi, ndinali m'dera lina la asodzi pafupi ndi Elmina. Mnzanga wa nthawi imeneyo anali mnyamata wa ku Kumasi, wofatsa, woyenda pang'onopang'ono, amene ankapereka moni kwa aliyense panjira mpaka ine kupsa mtima. Iye ankayankhula Chitwi, chimene chimamvana ndi Chifante, choncho ndiye ankatsogolera zokambirana zambiri. Tinkaphunzitsa bambo wina wachikulire, msodzi, amene mkazi wake anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Tinkapita kwa iwo Lachiwiri, chifukwa m'dera limenelo asodzi salowa m'nyanja tsiku limeneli, ndipo tinkawapeza atakhala pakhonde, khoka lili pamiyendo, akusoka mong'ambika.

Madzulo ena phunziro lathu linali lonena za kumene munthu amapita akamwalira, ndiponso za chiphunzitso cha mpingo wathu chakuti banja lingathe kumangidwa m'kachisi kuti lipitirire ngakhale imfa itadutsa. Bambo aja anasiya kusoka, anayang'ana kunyanja, ndipo anayamba kuyankhula motsitsa mawu. Anayankhula nthawi yaitali. Ine sindinkamva zambiri, koma ndinaona kuti misozi ikutsikira m'makwinya a nkhope yawo ndipo sankaipukuta. Mnzanga anatseka buku, anakhala pansi pa simenti pafupi ndi mapazi awo, n'kumangovomera ndi mutu. Ine ndinayang'ana wotchi. Nthawi yobwerera kunyumba inali itatsala mphindi 20, ndipo ulendo wake unali wa mphindi 25 ngati trotro itapezeka msanga. Ndinatsokomola, mnzanga sanatembenuke. Ndinamugwira paphewa, kenako ndinakweza mkono n'kugogoda galasi la wotchi ndi chala kawiri. Kugogodako kunali kochepa kwambiri, koma bambo aja anakumva. Anasiya chiganizo chawo pakati, anatola khoka lawo, ndipo ananena m'Chingelezi chawo chochepa kuti: "Pitani, ana anga, kwada." Tinafika kunyumba titachedwa ndi mphindi 12, ndipo panjira yonse mnzanga sanayankhule kanthu.

Lolemba lotsatira, m'kalata imene mmishonale aliyense amalembera pulezidenti wa mishoni sabata iliyonse, ndinafotokoza kuti mnzanga sasamala nthawi ndipo watichedwetsa. Ndinalemba mwaulemu kwambiri, ngati munthu womudera nkhawa mnzake, ndipo mtundu umenewu wa miseche ndi umene umaipa kuposa ina yonse chifukwa umavala malaya oyera ndi tayi. Lachiwiri tinapitanso kwa msodzi uja. Anatilandira, anatipatsa mipando ndi madzi akumwa, anayankha mafunso athu mwachidule, koma za mkazi wawo sanazitchulenso. Patapita masabata awiri anatiuza kuti ntchito yawachulukira.

Pa nthawi ya zokambirana zimene a pulezidenti ankachita ndi mmishonale aliyense payekha, ndinalowa m'chipinda ndikuyembekezera kuyamikiridwa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo sananene kuti lamulo la nthawi ndi lopanda ntchito, anatsimikiza kuti linaikidwa pofuna kutiteteza ndipo tiyenera kulisunga. Kenako anafunsa kuti: "Elder, mkazi wa bambo amenewa dzina lake anali ndani?" Ndinakhala chete. Tinali titapita kunyumba imeneyo kasanu ndi kawiri, ndinali nditalemba m'buku la dera tsiku lililonse limene tinapitako ndi phunziro limene tinaphunzitsa, koma dzina la munthu amene nyumba yonseyo inkamulira sindinalidziwe. Anandiuza kuti mnzanga, amene analowa ine ndisanalowe, analitchula asanafunsidwe n'komwe. Ndinatuluka m'chipindamo nkhope itagwa, ndipo manyazi anandiletsa kumufunsa mnzangayo dzinalo mpaka tsiku limene tinasiyana.

Kusiyana kumeneko sikunachedwe, chifukwa moyo wa mmishonale umayenda m'zigawo za masabata asanu ndi limodzi. Kumapeto kwa chigawo chilichonse foni imalira, ndipo mawu a mbali inayo amakuuza ngati ukutsala kapena ukusamuka, ndiponso amene ukhale naye. Palibe kukambirana. Umalongedza masutikesi awiri, umatsanzika amene ungawapeze, ndipo patapita masiku ochepa uli m'tauni ina, ukugona m'chipinda chimodzi ndi munthu amene dzulo lake sunkamudziwa. Ndinasamutsidwira ku Takoradi, kenako kumidzi ya kumtunda kumene kuli minda ya koko, ndipo kawiri konse ndinasiya anthu amene ndinawaphunzitsa kwa miyezi atatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti abatizidwe. Wobwera pambuyo panga ndiye analowa nawo m'madzi, monga momwe inenso ndinabatizira anthu amene ena anawakhetsera thukuta.

Chimene sindinachiyembekezere n'chakuti malamulo enieniwo, amene ndinkawaona ngati mwala wosasunthika, anayamba kusuntha ine ndili pakati pa utumiki. Ndisananyamuke n'komwe, mu Ogasiti 2018, Pulezidenti Nelson anali atapempha kuti tisiye kudzitchula kuti Amormoni n'kumagwiritsa ntchito dzina lonse la mpingo, ndipo tinavutika nalo pempholi m'misewu momwe aliyense ankatidziwa ndi dzina lalifupi lija. Mu Januwale 2019 mapemphero a Lamlungu anafupikitsidwa kuchoka pa maola atatu kufika pa awiri. Pa 15 Febuluwale chaka chomwecho kunabwera chilengezo chakuti amishonale angathe kuimbira foni makolo awo sabata iliyonse. Ndikukumbukira kuti anzanga anakuwa ndi chimwemwe, koma ine mumtima ndinakhumudwa, ndipo ndikuchita manyazi kuvomera chifukwa chake. Kusaimba foni kunali nsembe imene ndinkanyadira, ndipo tsopano nsembeyo inali italandidwa m'manja mwanga ndi anthu omwewo amene anandiuza kuti ndiipereke. Ngati dzulo kuimba kunali kuphwanya lamulo ndipo lero kwaloledwa, ndiye kuti chimene ndinkasunga mwakhama chija chinali chiyani? Lolemba loyamba sindinaimbe. Lolemba lachiwiri ndinaimba pa foni ya achemwali anga, ndipo nditangonena kuti, "Amayi, mwaswera bwanji?" iwo anayankha kuti, "Mwana wanga, mawu ako aonda, kodi ukudya?" Ndinazindikira pamenepo kuti sabata imene ndinadziletsa ija amayi anakhala pafupi ndi foni tsiku lonse, popeza nawonso anali atamva chilengezocho kutchalitchi.

Mu Novembala 2019 kabuku koyera kaja kanalowedwa m'malo ndi kabuku katsopano, kamene kanafotokoza kwambiri mfundo ndi zifukwa zake, n'kusiyira mmishonale mpata woganiza pa zinthu zina. Kakale kaja ndinakasunga, kali ndi chikuto chodetsedwa ndi thukuta la chaka chathunthu, ndipo ndili nako mpaka lero.

Kenako kunabwera Malichi 2020. Pa 12 mwezi umenewo dziko la Ghana linalengeza anthu oyamba opezeka ndi matenda a Covid-19, ndipo tsiku lomwelo atsogoleri a mpingo ku Salt Lake City anaimitsa misonkhano yonse ya mpingo padziko lonse lapansi. Patangopita masiku atatu, Pulezidenti Nana Akufo-Addo analetsa misonkhano ya anthu ambiri, kuphatikizapo mapemphero, ndipo sabata yotsatira malire a dziko anatsekedwa. Panthawiyo mpingo unali ndi amishonale oposa 67,000 omwazikana m'maiko ambirimbiri, ndipo unayamba ntchito yaikulu yobwezera ochuluka a iwo kumaiko kwawo. Mnzanga wa nthawi imeneyo anali mnyamata wa ku Idaho ku America, amene ana ankamuthamangira m'misewu akukuwa kuti obroni, kutanthauza mzungu. Anali atagwira ntchito ya kumunda kwa nthawi yaitali kuti asunge ndalama zothandizira pa madola 400 amene mabanja a kwawo ankapereka mwezi uliwonse, ndipo anali atangoyamba kumene kuyankhula Chifante chomveka. Foni inalira madzulo, ndipo anauzidwa kuti akhale atalongedza pofika m'mawa. Sanatsanzike munthu aliyense amene tinkamuphunzitsa. Anandisiyira malaya oyera atatu ndi nsapato zimene zinali zazikulu kwa ine, ndipo galimoto itanyamuka ndinaima pageti ndi mmishonale wina amene anabweretsedwa kudzakhala nane, popeza ngakhale mphindi imeneyo sikunali kololedwa kuti nditsale ndekha.

Ambiri mwa ife ochokera m'maiko ena a mu Africa tinatsala, chifukwa ndege zopita kwathu zinali zitasiya kuuluka. Tinasonkhanitsidwa anayi m'nyumba imodzi, ndipo lamulo latsopano linali lakuti tisatuluke kupatula pokagula chakudya. Kumvera kumeneku kunali kovuta kuposa konse kumene ndinakudziwa. Kwa miyezi 17 kumvera kunkatanthauza kuyenda, kugogoda pazitseko, kutuluka thukuta, kubwera kunyumba mapazi akuwawa uli ndi manambala oti ulembe. Tsopano kunatanthauza kukhala phee. Tinkadzukabe 6:30, kuvala malaya oyera ndi tayi, kupachika baji, n'kukhala pampando wa pulasitiki moyang'anizana ndi khoma, foni imodzi ikuyenda m'manja mwa anthu awiri. Wotchi imene ndinkaidalira ija inkayendabe bwinobwino, koma inalibenso kulikonse kondithamangitsira.

Ntchito yathu inasanduka yoimbira foni mamembala ndi anthu amene tinkawaphunzitsa. Tsiku lina ndinaimbira mayi wina wachikulire wa munthambi yathu ya mpingo kuti ndiwalimbikitse, ndipo ndinayamba ndi mawu amene ndinawakonzeratu, akuti tikudutsa m'nthawi imene sinaonekepo. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga," anatero, "iwe sunabadwe pamene anatitsekera tchalitchi ndi maloko." Ankanena za nthawi imene mamembala a ku Ghana amaitchula kuti Freeze. Pa 14 Juni 1989 boma la Jerry Rawlings linaletsa ntchito zonse za mpingo wathu pamodzi ndi za Mboni za Yehova, amishonale akunja anathamangitsidwa, ndipo nyumba zathu zopemphereramo zinatsekedwa mpaka kumapeto kwa Novembala 1990. Mayiwo anandifotokozera momwe amuna awo ankadalitsira mgonero pa tebulo la m'chipinda chochezera, ana atavala zovala za Lamlungu ngakhale kuti panalibe kopita, ndiponso momwe ankaimbira nyimbo motsitsa mawu. Anandikumbutsanso za Joseph William Billy Johnson, amene anawerenga Buku la Mormoni, limodzi mwa malemba a mpingo wathu, mu 1964 n'kuyamba kusonkhanitsa anthu ku Accra ndi ku Cape Coast popanda mmishonale ndi mmodzi yemwe, ndipo anadikira zaka 14 kuti abatizidwe. Amishonale anafika kumapeto kwa 1978, chaka chimene Pulezidenti Spencer W. Kimball analengeza kutha kwa lamulo limene linkaletsa anthu akuda kulandira unsembe. Mbiri imeneyi ndinkaidziwa kale, ndipo kwa ine monga munthu wakuda si mbiri yopepuka, koma ndinali ndisanaimvepo kuchokera pakamwa pa munthu amene anakhala moyo wake wonse pakati pa malamulo amene ankabwera ndi kupita, ena a boma, ena a mpingo, iye osasiya kuyala nsalu yoyera pa tebulo Lamlungu. Sindikunena kuti mayiwo anayankha mafunso anga onse. Ena ndikali nawo, ndipo ndimaona kuti munthu amene amati alibe funso lililonse pa nkhani ya 1978 sanaiganizire mokwanira. Koma nditatseka foni ndinaona kuti ine, amene ndinaimba kuti ndilimbikitse, ndine amene ndinali mwana pa nkhani ya kudikira.

Usiku umenewo msodzi wa ku Elmina uja anandibwerera m'maganizo. Panali patapita miyezi 15. Mmishonale saloledwa kumangoimbira anthu a m'dera limene anachokamo, choncho Lolemba ndinalemba m'kalata yanga ya kwa a pulezidenti kupempha chilolezo, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake mosabisa. Yankho linabwera lalifupi, londilola. Amishonale amene anali m'deralo anapeza nambala m'buku la dera, pa tsamba limene linali ndi zolemba za dzanja langa lomwe, ndipo inali nambala ya mdzukulu wawo.

Ndinaimba Lachiwiri madzulo, podziwa kuti adzakhala pakhonde. Mdzukuluyo anayankha, anakawapatsa foni, ndipo ndinadzifotokoza m'Chifante changa chothyokathyoka kuti ndine mmodzi mwa anyamata awiri a malaya oyera amene ankabwera chaka chatha. Anafunsa ngati ndine wa ku Kumasi uja. Ndinati ayi, ndine winayo. Kunali zii kwa kanthawi, ndipo kumbuyo kwake ndinkamva mafunde. Kenako anati: "Wa wotchi uja." Ndinavomera, ndipo ndinati: "Bambo, ndinachoka kwanu osafunsa dzina la amayi. Ndikupempha kuti mundiuze." Analitchula. Linali dzina limene Afante amapatsa mwana wamkazi wobadwa Lamlungu, dzina lofala kwambiri moti ndinali nditalimva kambirimbiri m'misika ndi m'matrotro. Ndinalilemba mkati mwa chikuto cha kabuku koyera kakale kaja, kamene kanali pa tebulo. Kenako, ine osafunsa china, anayamba kufotokoza momwe anakumanirana, mayiwo akugula nsomba pa bwato la bambo awo n'kumakangana nawo pa mtengo, ndipo pamene Chifante chinkandipitirira mdzukulu ankalowererapo ndi Chingelezi. Mayunitsi anatha ali pakati pa nkhani ya mwana wawo woyamba. Ndinakhala ndikuyang'ana foniyo, ndikuwerengera ngati ndalama zimene tinatsala nazo zikanalola kugula ena m'mawa mwake, ndipo mnzanga anali atayamba kale kuzimitsa magetsi a kukhitchini pamene foni inalira m'manja mwanga. Inali nambala ya mdzukulu uja, ndipo anati agogo akufunsa ngati ndikadalipo, chifukwa sanamalize.